Mfundo za pa Waya wa a Kafiira

Mamita mazana asanu. Umenewo ndiwo utali wa mpukutu umodzi wa waya umene a Kafiira amagula, ndipo pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zimene akhala akukonza magetsi a galimoto atha mipukutu khumi ndi inayi. Mukawerengera bwino, ndi makilomita asanu ndi awiri. Anzawo pa ntchitoyi amagula waya wakuda, wachikasu, wabuluu, wamizeremizere. Iwo ayi. Amangoti, "Wofiira uja," basi. Dzina lawo linachokera pomwepo, moti dzina lenileni amalidziwa ndi akazi awo okha ndi a kuchipatala.

Amagwira ntchito pakhonde la kasitolo ka mwana wawo wotsiriza, amene aliyense amangomutchula kuti Mzime ngakhale ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Mzime amagulitsa mafyuzi, mababu, maswichi ndi tepi kudzera pazenera. Kumanzere kwa zeneralo kuli benchi ya a Kafiira, yakuda ndi girisi. Kumanja kuli makina osokera a mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene ndi telala. Galimoto zimaima kutsogolo, pamtetete. Dzuwa likaswa mtengo, boneti imawotcha manja. Mvula ikagwa, ntchito yaima.

A Kafiira sakonza injini. Ntchito yawo ndi ya zinthu zimene galimoto sinabadwe nazo: nyali zowonjezera, hutala wamkulu, wailesi ya zimabokosi, fani. Lamulo lawo ndi limodzi: chilichonse chidutse pa fyuzi ndi pa rileyi, kabokosi kakuda kaja kamene kamalira kuti tha mukayatsa.

"Swichi ndi bwana," amatero powauza makasitomala ofuna kuchepetsa mtengo. "Bwana sasenza thumba, amangoloza ndi chala. Wamapewa ndi rileyi. Mukamusenzetsa bwana thumba, amasungunuka, ndipo mudzandipeza pompano mukununkha ngati tayala lopsa."

Nanga mawaya ofanana amawasiyanitsa bwanji? Ndi mfundo. Kunsonga kwa waya wa nyali amamangako mfundo imodzi, wa hutala ziwiri, wa fani zitatu, wa wailesi zinayi. Amapisa dzanja pansi pa boneti, maso ali kumwamba, zala n'kumawerenga zokha. Anthu amati ndi luso. Telala amati ndi uve.

"Alamu, zaka zonsezi simunaphunzirebe kusoka waya wosalala?" amatero telala, phazi lili pa chopondera cha makina. "Ine ulusi ukachita mfundo chakudya sichilowa."

"Alamu, inu mukalakwitsa, munthu amangoyenda mwendo wina wa buluku uli wautali. Ine ndikalakwitsa kumabwera ozimitsa moto."

"Mwendo wautali uja anali wa munthuyo, osati wa buluku."

Koma mfundozo zinali ndi nkhani yake, imene a Kafiira sanauzepo munthu. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akuphunzira ntchito pagaraja ina, bwana wawo anawapatsa wailesi ya dokotala wina kuti aike. "Wofiira ku batire, wobiriwira ku sipika," anatero bwanayo n'kupita kukamwa tiyi. Iwo anayang'ana mawaya awiriwo, n'kuona mapasa. Anasankha mmodzi. Wailesi inaimba kamodzi kokha, ndipo inaimba utsi. Tsiku lomwelo ntchito inatha. Ali pa njira yobwerera kwawo m'pamene anazindikira kuti pali chinachake chimene anthu ena onse amaona koma iwo sachiona: chofiira, chobiriwira ndi chabulawuni kwa iwo ndi banja limodzi. Ndani angapereke galimoto yake kwa wamagetsi wosaona mitundu ya waya? Anatseka pakamwa, nagula mpukutu wawo woyamba, nayamba kumanga mfundo.

Kuyambira pamenepo akhala akuyenda mochenjera. Maloboti amawadziwa ndi malo: lakumwamba ima, lapansi pita. Zovala amasankhiridwa ndi akazi awo, iwo n'kumati alibe nthawi ya zachabechabe. Anaterereka kamodzi kokha, chaka choyamba cha ukwati, pamene anagulira mkazi wawo nsapato zoti zigwirizane ndi diresi yake yofiira. Mayiyo anayang'ana nsapato, anayang'ana mwamuna wake, n'kuvala. A Kafiira anaona kuti mphatso yalandiridwa bwino.

Mwayi waukulu unabwera Lolemba lina pa galimoto yoyera yonunkhira buledi. Anatsikamo mayi wina wamfupi, wovala magalasi, mwini wa bekale yaikulu, amene antchito ake amangomuti Madamu. Madamu ali ndi mavani khumi ndi awiri operekera buledi m'masitolo. Ankafuna kuti iliyonse ikhale ndi nyali ziwiri zowonjezera, hutala wamkulu woitanira eni masitolo, ndi fani kumbuyo kuti buledi wotentha asachite thukuta m'mapepala.

"Amene ndinamupatsa poyamba analumikiza nyali molunjika ku swichi," anatero Madamu. "Dashibodi inayaka muli buledi mazana atatu. Ndinaphika kawiri buledi yemweyo. Ndiye ndikusiyirani vani imodzi. Lachinayi nthawi ya thuu koloko ndibwera. Ikandisangalatsa, zina khumi ndi imodzi ndi zanu."

"Madamu, mwafika," anatero a Kafiira, chifuwa chitatuluka. "Waya wanga ndimamudziwa ngati ana anga. Sindichita kumuyeza n'komwe."

Madamu asanakhote n'komwe pamsewu, Mzime anali atamaliza kale masamu. Vani imodzi imadya mamita makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Khumi ndi ziwiri ndi mamita 456, mpukutu umodzi n'kutsalako pang'ono. Marileyi 36, mafyuzi 36, onse otuluka pazenera lake.

"Bambo, imeneyi ndi shedi," anatero. "Malata makumi awiri ndi mizati isanu ndi umodzi. Mvula ya chaka chino ikupezani muli pansi pa denga."

A Kafiira anangoti, "Tiona," koma madzulo ake anawaona akuyeza bwalo ndi mapazi.

Anagwira masiku atatu ngati akukonzekera mayeso. Pofika Lachinayi masana, maswichi awiri ndi batani la hutala zinali zitakhala pa dashibodi, zomangidwa bwino, dashibodi yotsekedwa. Pansi pa boneti marileyi atatu anali pamzere, aliyense ndi fyuzi yake. Mawaya atatu ochokera ku maswichi ankalendewera pa kabowo, akudikira kulumikizidwa: wa mfundo imodzi, wa ziwiri, wa zitatu. Chinatsala n'kumanga marileyi ku chitsulo cha galimoto, koma timabawuti tinasowa. Mzime anali atapita kukalandira katundu kudepoti. A Kafiira anamasula waya wa batire, napukuta manja.

"Alamu, mundiyang'anire galimotoyi. Ndikukatenga mabawuti."

"Pitani, alamu. Ngakhale ntchentche siterapo."

Anatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu. Mphindi zisanu zoyamba telala anasoka. Kenako phazi linayamba kupondaponda mozengereza, mpaka linaima. Kuchokera pamene anakhala ankaziona bwinobwino mfundo zisanu ndi imodzi zija zikugwedezeka ndi mphepo. Anatembenuza mpando kuti asazione. Zinkamuyabwabe kumsana. Anaganiza za Madamu ndi magalasi awo, mayi woti ngakhale dalaivala wawo amavala malaya osita. Kodi mayi wotero akaona zimfundo ngati chingwe cha mbuzi, adzati chiyani? Shedi ija inali yakenso, chifukwa mvula ikamawomba cham'mbali imanyowetsa nsalu zake.

Tinene zoona, telala sanachite mwachisawawa. Anamasula mfundo ya waya woyamba ndi nsonga ya sizasi, nawongola wayayo ndi chala mpaka kusalala, nakulungapo ulusi wobiriwira mwaudongo. Wachiwiri ulusi wofiira. Wachitatu wabulawuni. Kenako anatenga choko chake n'kulemba pa katoni: imodzi wobiriwira, ziwiri wofiira, zitatu wabulawuni. Akanatola ulusi woyera, wakuda ndi wabuluu, nkhani ino sikanakhalapo. Koma pa tebulo lake tsiku limenelo panali mitundu itatu imeneyo.

A Kafiira anafika ndi mabawuti m'thumba nthawi yomweyo imene Madamu ankatsika m'galimoto ndi dalaivala wawo. Madamu anali atafulumira ndi ola lathunthu.

"Ndinali kudutsa," anatero Madamu. "Zatheka?"

"Pangotsala mphindi zisanu, Madamu."

Anamanga marileyi msangamsanga, napisa dzanja kufuna mawaya aja. Zala zinayenda, zinabwerera, zinayendanso. Posalala. Anaweramira mkati. Anaona mawaya atatu ovala timikanda ta ulusi, tonse tofanana ngati ana a sukulu imodzi.

"Mwaona, alamu?" anatero telala ataima kumbuyo kwawo, tepi yoyezera ili m'khosi, katoni ili m'manja. "Ndakuchotserani manyazi. Zonse ndalemba apa. Ngakhale mwana wa sitandade wani akhoza kulumikiza."

Madamu anasuzumira, nakankhira magalasi m'mwamba. "Izi ndiye zaudongo. Ndi inu mwachita zimenezi?"

"Timathandizana, Madamu," anatero telala. "Ndife banja."

M'thumba la ovolosi ya a Kafiira munali kanyali koyezera moto. Kuyatsa swichi imodzi imodzi n'kukhudza waya aliyense ndi kanyaliko, mphindi ziwiri zikanakwana. Koma Lolemba lomwelo anali atanena ndi pakamwa pawo kuti waya wawo sachita kumuyeza. Ndiponso telala akanafunsa mokweza, monga amachitira, kuti mukuyezeranji mitundu ili apo? Anthu atatu anali kuwayang'ana m'manja.

Mawaya atatu pa marileyi atatu angalumikizidwe m'njira zisanu ndi imodzi. Yolondola ndi imodzi. A Kafiira anayang'ana katoni ija mwaulemu, ngati akuiwerenga, anagwedeza mutu, n'kulumikiza mmene mtima unawauzira. Anabwezera waya wa batire.

"Ndiyesa ndekha," anatero Madamu, nakwera pa mpando wa dalaivala. "Tiyambe ndi nyali."

Anadina swichi ya nyali. Rileyi inati tha, monga mwa ntchito yake. Kenako hutala analira.

Sanali hutala wamasewera. Anali wa malipenga awiri, uja amaika pa malole, ndipo popeza swichi ya nyali ukaidina imakhala pomwepo, sanasiye. Nkhunda zinauluka pa madenga onse. Galu amene amagona pansi pa benchi anathawa n'kugwetsa chitini cha mabawuti akale. Kutsidya kwa msewu, wometa anadzidzimuka n'kulambula msewu pakati pa mutu wa kasitomala.

Madamu anaganiza kuti batani la hutala lakanirira, ndiye analimenya ndi chikhatho. Fani inazungulira kumbuyo. Zitseko zakumbuyo zinali zotsegula, ndipo m'vanimo munali fumbi la ufa la zaka zitatu ndi mtolo wa mapepala okulungira buledi. Zonse zinatulukira pakhonde, n'kukatera pa suti yakuda imene telala anali atangomaliza kusita. Madamu anamenyanso batani, fani inazunguliranso kachiwiri. Ataona kuti vuto tsopano ndi fani, anadina swichi ya fani. Nyali ziwiri zinayaka m'maso mwa dalaivala, amene anali atawerama kutsogolo kuti aone ngati ziyake.

A Kafiira sanathamange. Anapisa dzanja pansi pa boneti n'kuzula fyuzi imodzi, yachiwiri, yachitatu. Kunagwa bata loti munthu n'kumva pepala likutera pansi.

Madamu anatsika pang'onopang'ono, nakonza magalasi.

"Bambo, mwandiitanira tauni yonse," anatero. Kenako anatembenukira kwa dalaivala, amene anali akuphethiraphethira. "Ukayamba kuona, utenge galimotoyi tizipita."

"Koma ine ndinalemba bwino," anatero telala, tsitsi lili mbuu ndi ufa. "Onani katoni. Alamu, wobiriwira mwamuika pa hutala. Mwatani kodi?"

A Kafiira anayang'ana bwalo lija analiyeza ndi mapazi. Akanatha kunena kuti telala wasokoneza, ndipo Madamu akanakhulupirira, chifukwa munthu wa ufa kumutu saoneka wanzeru. Koma galimoto ikanapitabe. Anavula chipewa.

"Madamu, mlamu wangayu sanalakwe. Ulusi uwu inu mukuona mitundu itatu. Ine ndikuona umodzi. Ndinabadwa choncho. N'chifukwa chake ndimamanga mfundo."

Telala anatsitsa katoni ija. "Alamu, zoona? Ndiye buluku lija ndinakusokerani, munkati ndakupatsani labulawuni labwino?"

"Silinali labulawuni?"

"Tisalowe m'zimenezo."

Nthawi imeneyi n'kuti Mzime atafika, katoni ya mababu ili pamutu, atathamanga kuchokera pa siteji chifukwa hutala uja anamumvera komweko. Anatula katoni, anayang'ana ulusi, anayang'ana malume ake, n'kumvetsa zonse.

"Bambo, musadandaule," anatero. "Kunyumba timadziwa tonse."

"Kuyambira liti?"

"Amayi akuti kuyambira pa nsapato."

A Kafiira anakhala pa bampala.

"Ndiye poti zaululika," anapitiriza Mzime, "mpukutu umene mukugwiritsa ntchitowu ndi wobiriwira. Wofiira anasowa chaka chatha, ndinangotenga umene unalipo."

"Ine ndimayesa mwasintha timu," anatero telala.

Dalaivala anaseka, n'kuyesa kukubisa ndi chifuwa. Madamu sanaseke. Anabwerera ku galimoto, analowetsa mutu pazenera n'kununkhiza dashibodi, uku ndi uku, ngati mmene amanunkhizira uvuni. Anagwira swichi ya nyali ndi nsonga za zala, nagwiranso ya fani.

"Hutala uja walira nthawi yaitali bwanji?" anafunsa.

"Pafupifupi mphindi imodzi, Madamu," anatero dalaivala. "Makutu anga akuti ola."

"Swichi ili zii. Palibe chanunkha." Anayang'ana a Kafiira. "Bwanji?"

"Bwana sasenza thumba, Madamu," anatero a Kafiira motsitsa mawu. "Anasenza ndi rileyi. Ndinalakwitsa khomo, koma nyumba ndinamanga bwino. Mundipatse mphindi ziwiri."

Anatulutsa kanyali koyezera kaja, pamaso pa onse. Anazula mawaya atatu, nauza Mzime kuti adine swichi ya nyali. Anakhudza woyamba, zii. Wachiwiri, kanyali kanayaka. Anadula ulusi ndi pulayala n'kumanga mfundo imodzi. Telala anayang'ana kumbali. Wa hutala mfundo ziwiri, wa fani zitatu. Anabwezera mafyuzi, natseka zitseko zakumbuyo.

Madamu anakweranso. Nyali zinayaka nyali. Hutala analira kamodzi, mwaulemu. Fani inazungulira yokha kumbuyo.

Dalaivala anapisa dzanja pansi pa boneti n'kupapasa mawaya aja. "Madamu, izi n'zabwino kwa ife," anatero. "Pansi apa pakatha miyezi itatu waya aliyense amakhala wakuda ndi fumbi. Mtundu suoneka. Koma mfundo ndaipeza osayang'ana."

Madamu anagogoda chiwongolero ndi chala.

"Sindikupatsani khumi ndi imodzi," anatero. "Ndikupatsani zitatu Lolemba. Zikatha mwezi osanditcha dzina m'tauni, zisanu ndi zitatu zotsalazo zibwera. M'galimoto iliyonse muike kapepala konena kuti mfundo zingati ndi chiyani. Waya aliyense muzimuyeza, ngakhale akhale mwana wanu. Ndipo bambo a telala akhale kutali ndi boneti."

"Mamita angati, Madamu?" anafunsa telala. "Ndili ndi tepi."

Vani itapita, panatsala ntchito yotola mapepala. Kasitomala wa wometa uja anawoloka msewu, chipewa chobwereka chili kumutu, kudzafunsa kuti mwini hutala ndani. A Kafiira ndi telala analozana. Munthuyo anawayang'ana onse awiri, wina wagirisi wina waufa, anapukusa mutu n'kubwerera kukametetsa mpala.

Telala anatenga burashi n'kuyamba kupukuta suti. Patapita nthawi anati, osatembenuka, "Alamu, mukanandiuza kale."

"Kuti muuze msika wonse?"

"Ndikanauza theka lokha."

"Nanga buluku lija ndi lamtundu wanji?"

"Lokongola, alamu. Musalivale pamaliro."

Mzime anali atakoka kale mpukutu pansi pa benchi n'kuuyeza. Panatsala mamita 120. Mavani atatu a Lolemba afuna 114, ndiye akwana, bola bambo ake asadule mowolowa manja. Shedi yonse siingatheke ndi mavani atatu, koma mizati isanu ndi umodzi itheka, malata adzabwera ndi zisanu ndi zitatu zinazo.

"Mpukutu wotsatira ndigule wamtundu wanji, bambo?"

A Kafiira anaganiza pang'ono. "Wotchipa," anatero. "Koma wonenepa bwino."

Loweruka m'mawa Mzime apita kukagula marileyi asanu ndi anayi, mafyuzi asanu ndi anayi ndi mpukutu watsopano. Telala alemba timapepala titatu ta mfundo, poti dzanja lake ndi labwino. A Kafiira akumba maenje asanu ndi limodzi a mizati, kuti Lolemba mavani akamafika apeze bwalo litayezedwa kale.